Makompyuta a pa ofesi akakana kugawana ma update: kufufuza vuto la Delivery Optimization

Vutoli limabwera mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lake limadziwika. Microsoft imatulutsa ma update achitetezo a Windows Lachiwiri lomwe limagwa pakati pa 8 ndi 14 mwezi uliwonse, nthawi ya 10 koloko m'mawa ku gombe la Pacific ku America. Kuno ku Malawi kumakhala kuti kwada kale, 7 kapena 8 koloko madzulo kutengera nyengo ya kumeneko, anthu aweruka ndipo makompyuta azimitsidwa. Lachitatu m'mawa onse amayatsidwa nthawi imodzi, intaneti ya pa ofesi n'kulemera. Imelo imachedwa, misonkhano ya pa Teams imadukaduka, a ku akaunti amadandaula kuti sisitimu sikutsegula. Mukayang'ana pa rauta mupeza kuti pafupifupi kompyuta iliyonse ikukoka fayilo yomweyomweyo payokhapayokha.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti update ndi ya 800 MB ndipo makompyuta alipo 40. Onse pamodzi ndi 32 GB. Pa laini ya 20 Mbps, popanda wina aliyense kugwiritsa ntchito intaneti, zimenezi zimatenga maola atatu ndi theka. Fayiloyo ikanalowa kamodzi kapena kawiri kokha, zotsalazo n'kuyenda pa switch ya m'kati, nkhaniyo ikanatha m'mphindi zochepa. Ntchito imeneyi ndi ya Delivery Optimization, sevisi yotchedwa DoSvc yomwe imabwera kale mu Windows 10 ndi Windows 11. Kawirikawiri sevisiyo imakhala ilibe vuto lililonse. Chimene chimalakwika ndi chakuti gulu lomwe kompyuta yaikidwamo silikugwirizana ndi mmene netiweki inayalidwira, kapena kuti pa nthawi imene onse akufuna fayilo palibe amene ali nayo kale.

Mmene kugawanaku kumayendera

Kompyuta ikafuna update, siyamba kufunsa anzake pa LAN, netiweki ya m'kati mwa ofesi, mwachisawawa. Imayamba yalankhula ndi maseva a Microsoft a Delivery Optimization pa intaneti, ndipo masevawo ndi amene amaiuza kuti fayilo imeneyi ili ndi makompyuta akutiakuti. Imalandiranso kafayilo kokhala ndi ma hash a SHA-256 (manambala otsimikizira kuti chinthu sichinasinthidwe) a chidutswa chilichonse cha fayiloyo, ndipo chidutswa chimodzi chimakhala cha pafupifupi 1 MB. Kenako imatenga zidutswa zina kwa anzake kudzera pa port 7680 ya TCP, zina ku maseva a Microsoft pa HTTP, zonse nthawi imodzi. Chidutswa chilichonse chimayesedwa ndi hash yake. Chikapezeka cholakwika chimatayidwa, ndipo mnzake amene akubwereza kutumiza zolakwika amasiyidwa. Choncho nkhawa yoti kompyuta imodzi yodwala ingapatsire zinzake update yachinyengo kudzera njira imeneyi ilibe maziko.

Mfundo yofunika kuigwira apa ndi iyi: ngakhale kugawana kumachitikira m'kati mwa ofesi, wodziwitsa makompyutawo kuti anzawo ndi ati ali kunja. Mukatseka njira yopita kwa iye, kugawana kumatha, ngakhale makompyutawo ali pa desiki imodzi. Izi zili choncho ngakhale mukugwiritsa ntchito WSUS, seva ya m'kati mwa kampani yoyendetsera ma update a Windows.

Yambani ndi manambala

Musasinthe policy iliyonse musanaone zimene kompyuta ikunena. Tsegulani PowerShell ngati administrator pa kompyuta yomwe yangokoka kumene update, mulembe:

Get-DeliveryOptimizationStatus

Pa fayilo iliyonse muyang'ane DownloadMode (njira yokokera), NumPeers (chiwerengero cha anzake), BytesFromPeers (zochokera kwa anzake), BytesFromHttp (zochokera ku maseva pa HTTP) ndi PercentPeerCaching (peresenti yochokera kwa anzake). Kuti muone chithunzi cha mwezi wonse pali Get-DeliveryOptimizationPerfSnapThisMonth, ndipo amene sakonda PowerShell angapeze zofanana mu Settings, pa Windows Update, Advanced options, Delivery Optimization, Activity monitor.

Manambalawa amagawa vutoli patatu. DownloadMode ikakhala 0, 99 kapena 100, kugawana sikunayambe n'komwe. Ikakhala 1 kapena 2 koma NumPeers ili pa 0, kompyuta ikufuna kugawana koma sinapatsidwe mnzake aliyense. NumPeers ikakhala ndi nambala koma BytesFromPeers ili pa 0, anzake akudziwika koma njira yofikira kwa iwo ndi yotseka, kapena alibe chopereka. Mankhwala a mavuto atatuwa ndi osiyana, n'chifukwa chake kungosintha zinthu mwachimbulimbuli kumatha tsiku lonse.

DownloadMode ikakhala yolakwika

Mode 0 ndi HTTP yokha, popanda kugawana. Mode 1 ndi LAN, ndipo ndi imene imakhalapo ngati simunaike chilichonse. Mode 2 ndi Group, mode 3 imalola kugawana ndi makompyuta a pa intaneti, zomwe sizifunika pa kampani. Mode 99 ndi Simple, yomwe simalankhula ndi maseva a Delivery Optimization. Mode 100 ndi Bypass, yomwe inkasiyira ntchito BITS, sevisi ina ya Windows yokokera mafayilo; mu Windows 11 inathetsedwa ndipo ingalepheretse mafayilo ena kukokedwa, choncho ngati ikadalipo mu GPO yakale (malamulo a Group Policy otumizidwa ku makompyuta a kampani), ichotseni.

Mukapeza 0 kapena 100, winawake anaiika. Lembani Get-DOConfig -Verbose kuti muone zimene zaikidwa komanso kumene zachokera. Za Group Policy zimakhala mu registry pa HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows\DeliveryOptimization, pomwe za Intune, sevisi ya Microsoft ya pa intaneti yoyendetsera makompyuta, zimakhala pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\PolicyManager\current\device\DeliveryOptimization. Makampani amene akusamuka kuchoka ku Group Policy kupita ku Intune nthawi zambiri amapezeka ndi zonse ziwiri, zikunena zosiyana. Sankhani malo amodzi, kwinako mufafanize. Gpresult /h ikuuzani dzina la GPO yomwe ikubweretsa zimenezo. Yang'ananinso image yomwe mumaika pa makompyuta atsopano, chifukwa ma script ena "opeputsa Windows" amazimitsiratu DoSvc. Kuzimitsa sevisi imeneyi si njira. Windows Update ndi Microsoft Store amadalira iyo pokoka mafayilo ngakhale pamene palibe kugawana. Ngati pali chifukwa chenicheni choletsera kugawana, ikani mode 0.

Koma 99 ndi nkhani ina. Mukaipeza pamene inu simunaiike, nthawi zambiri ndiye kuti kompyuta yalephera kufika ku maseva a Microsoft n'kudzitsitsa yokha. Apa wolakwa amakhala firewall kapena proxy, seva yomwe makompyuta amadutsirapo popita pa intaneti. Lolani *.do.dsp.mp.microsoft.com, *.dl.delivery.mp.microsoft.com ndi *.windowsupdate.com pa port 443 ndi 80. Kuwalola kokha sikokwanira ngati firewall yanu imatsegula TLS, loko wobisa zimene zikudutsa pa intaneti, n'kuikapo satifiketi yake. Delivery Optimization imayembekezera satifiketi ya Microsoft yeniyeniyo ndipo imakana ina iliyonse, ngakhale CA (yopereka masatifiketi) ya kampani yanu ili m'gulu la odalirika pa kompyutapo. Chotsani *.do.dsp.mp.microsoft.com pa TLS inspection.

Proxy ili ndi misampha iwiri. Woyamba: DoSvc imayenda pansi pa akaunti ya Network Service, ndiye pamene palibe munthu walowa pa kompyuta, proxy yomwe inaikidwa pa akaunti ya munthuyo sigwira ntchito. Onani ndi netsh winhttp show proxy, ndipo ikani proxy ya kompyuta yonse. Proxy yofuna dzina ndi pasiwedi ya munthu imavutitsanso pa chifukwa chomwechi. Wachiwiri: popeza fayilo imakokedwa m'zidutswa, proxy iyenera kulola HTTP Range, pempho la gawo chabe la fayilo. Ma proxy ena amene amasanthula mavairasi amafuna kaye fayilo yathunthu, motero amachotsa Range kapena kubweza fayilo yonse pa pempho lililonse. Zikatero mumaona error 0x80D05011, kapena 0x80D02002 yomwe imatanthauza kuti kukoka kwaima osasuntha mpaka nthawi yatha.

NumPeers ikakhala pa 0: nkhani ya magulu

Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri. Mu mode 1, mawu akuti LAN amanamiza. Maseva a Microsoft sadziwa switch yanu kapena ma VLAN anu, magawo a netiweki yanu. Chimene amaona ndi IP ya kunja yomwe kompyuta yatulukira nayo, ndipo makompyuta onse otulukira pa IP imodzi amawayesa a nyumba imodzi. Kenako makompyutawo amayesa kulumikizana pogwiritsa ntchito ma IP awo a m'kati.

Ofesi yaing'ono ya laini imodzi ndi rauta imodzi ilibe vuto ndi zimenezi. Koma taganizirani ofesi yomwe ili ndi malaini awiri, fiber ndi ina yodzitetezera, ndipo firewall imagawa makompyuta pa malaini onsewo. Makompyuta awiri oyandikana amaoneka ngati a makampani awiri osiyana. Chimodzimodzi ngati muli ndi ma IP akunja angapo mu NAT pool, kapena ngati intaneti yanu imadutsa pa proxy ya mu cloud yomwe imatulutsa aliyense pa IP yosiyana. Kuyesa kwake n'kosavuta: pa makompyuta asanu kapena asanu ndi limodzi a mu ofesi imodzi, onani IP ya kunja yomwe iliyonse ikuonetsa. Zikasiyana, mode 1 sikuthandizani.

Palinso vuto lotembenuka, lomwe ndi loipa kuposa loyambalo chifukwa manambala ake amaoneka okongola. Kampani ili ndi likulu ku Lilongwe, nthambi ku Mzuzu ndi ku Blantyre, ndipo intaneti ya nthambi zonse imatulukira ku likulu pa IP imodzi. Kwa Microsoft onsewa ndi LAN imodzi. Kompyuta ya ku Mzuzu imauzidwa kuti mnzake ali ndi fayilo, pamene mnzakeyo ali ku Blantyre. PercentPeerCaching imakwera, lipoti limasangalatsa, koma zidutswazo zikudutsa pa laini ya pakati pa maofesi kawiri, laini yomwe ndi yopapatiza komanso yodula kuposa intaneti yeniyeniyo. Kuti mugwire zimenezi lembani Get-DeliveryOptimizationStatus -PeerInfo pamene kukoka kuli m'kati, muone ma IP a anzakewo. Mukaona subnet (gulu la ma IP a netiweki imodzi) ya nthambi ina, mwapeza.

Njira yachidule ya vuto lachiwirili ndi policy ya DORestrictPeerSelectionBy. Mukaika 1, kompyuta imangogawana ndi a subnet yake. Zimagwira bwino ngati nthambi iliyonse ili ndi subnet imodzi. Zimapweteka pamene nyumba imodzi yagawidwa ma VLAN ambiri ang'onoang'ono, chifukwa dipatimenti ya makompyuta asanu imakoka yokha ngakhale pansi pake pali makompyuta 60 okhala ndi fayiloyo. Mukaika 2, makompyuta amapezana okha pa subnet kudzera mu DNS-SD, zomwe zimafuna kuti mDNS pa port 5353 ya UDP isatsekedwe.

Njira yokhazikika ndi mode 2 yokhala ndi Group ID yosiyana pa malo alionse. Group ID ndi GUID chabe, nambala yaitali yosafanana ndi ina iliyonse, yomwe mungapange ndi New-Guid. Lamulo lake ndi limodzi: gulu likhale la makompyuta amene alumikizidwa ndi netiweki yothamanga, osati la dipatimenti kapena la kampani. Mukaika mode 2 osanena gulu, Windows imasankha yokha: imayamba ndi AD site (malo olembedwa mu Active Directory), ikasowa imatenga domain, ikasowanso imatenga tenant ya Entra ID (akaunti ya kampani yonse kwa Microsoft). Ziwiri zomalizazi zimaika kampani yonse m'gulu limodzi, ndiye vuto la Mzuzu ndi Blantyre lija limabwerera. AD site nayo imathandiza pokhapokha ngati ma subnet onse analembedwa mu Active Directory Sites and Services. Malo ambiri makompyuta onse akadali mu Default-First-Site-Name. Lembani nltest /dsgetsite pa kompyuta ya ku nthambi, muone chimene ikuyankha.

Pa makompyuta oyendayenda, GUID yolembedwa mu policy siyenera, chifukwa laputopu ya ku likulu ikapita ku nthambi imapitabe ndi gulu la ku likulu. Apa njira yabwino ndi DOGroupIdSource. Nambala 1 ndi AD site, 2 ndi domain, 3 ndi DHCP (seva yopereka ma IP), 4 ndi DNS suffix, 5 ndi Entra ID. Kwa amene ali pa Intune yokha popanda Active Directory, 3 ndi imene imagwira bwino: pa DHCP scope ya malo alionse mumapanga option 234 ya mtundu wa string, n'kulembamo GUID ya malowo, ndipo kompyuta imatenga gulu kutengera kumene yalumikizidwa lero. Ma VLAN onse a nyumba imodzi apatseni GUID imodzi. Onetsetsani kuti chimene mwalemba ndi GUID yeniyeni, osati dzina ngati "nthambi2", chifukwa chimenecho sichilandiridwa. Dziwaninso kuti mukaika DOGroupIdSource ndi DOGroupId pamodzi, imodzi mwa izo imanyalanyazidwa. Anthu ambiri amaika zonse ziwiri n'kumadabwa kuti GUID yawo sikugwira. Amene ali ndi Configuration Manager, pulogalamu ya Microsoft yoyendetsera makompyuta a kampani, ali ndi mwayi, popeza mu client settings muli njira yogwiritsa ntchito boundary group ngati Group ID, bola ma boundary akhale olondola.

Anzake alipo koma palibe chikubwera

Yesani port kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake:

Test-NetConnection -ComputerName 192.168.10.25 -Port 7680

TcpTestSucceeded iyenera kukhala True. Chenjezo: DoSvc imagona ikakhala ilibe ntchito, ndiye pa kompyuta yomwe mukuyesayo muyambe mwaona ndi netstat -ano | findstr 7680 kuti port ikumvetseradi, apo ayi mudzaimba mlandu firewall yosalakwa. Windows imadzitsegulira yokha port imeneyi mu firewall yake, pa malamulo otchedwa Delivery Optimization. Amene amatseka ndi GPO yoletsa malamulo a pa kompyutapo kuti asagwire ntchito, antivirus yokhala ndi firewall yakeyake, kapena ACL (malamulo oletsa kudutsa) pakati pa ma VLAN. Ngati gulu lanu likudutsa ma NAT awiri, pamafunikanso Teredo pa port 3544 ya UDP, ngakhale kunena zoona gulu lotere ndi bwino kungoligawa pawiri.

Pa Wi-Fi, yang'anani client isolation pa access point kapena pa controller. Imaletsa zipangizo za pa SSID imodzi kulankhulana, zomwe ndi zoyenera pa Wi-Fi ya alendo koma zimapha kugawana pa ya ogwira ntchito. Ofesi yomwe anthu onse ali pa malaputopu a Wi-Fi isayembekezere zodabwitsa ngakhale isolation itachotsedwa: chidutswa chilichonse chimadutsa mumlengalenga kawiri, kupita ku access point ndi kubwerera. Makompyuta angapo a pa waya amene amakhala oyaka amasintha zinthu kwambiri.

Port ikakhala yotsegula, funso lotsatira ndi lakuti mnzakeyo akuloledwa kupereka kapena ayi. Kompyuta ya RAM yosakwana 4 GB sigawana, ya disk yosakwana 32 GB chimodzimodzi. Laputopu yomwe ili pa batire situmiza kanthu pokhapokha mutaika DOMinBatteryPercentageAllowedToUpload. 40 ndi nambala yabwino. Pa ofesi yomwe magetsi amathimathima, izi zikutanthauza kuti magetsi akapita madesikitopu amazima, malaputopu amasiya kupereka, koma rauta yomwe ili pa UPS imapitiriza kukokera aliyense kuchokera kunja. Kompyuta ikazindikira kuti ili pa VPN imasiyanso kutumiza. Imazindikira poona mtundu wa adapter ndi mawu a m'dzina lake monga "VPN" kapena "secure", ndiye VPN yomwe imakhala yoyaka ngakhale munthu ali mu ofesi imachotsa laputopuyo pa gulu la opereka. Musathamangire kuyatsa DOAllowVPNPeerCaching. Mukatero anthu ogwirira ntchito kunyumba amayamba kugawana kudzera pa VPN ya kampani, pa bandulo yawo. Chokonza ndi VPN yeniyeniyo, kuti izidzizimitsa ikakhala pa netiweki ya ofesi.

Kenako pali kukula kwa fayilo. Mafayilo osakwana 50 MB sasungidwa kuti agawidwe, ndipo ma update ambiri a madiraiva, a Microsoft Store ndi a Defender ndi aang'ono kuposa pamenepo. Kamodzi sakhala kanthu, koma pa makompyuta 100 tsiku lililonse amachuluka. Ikani DOMinFileSizeToCache pa 10 ngati gulu lili ndi makompyuta oposa 30, ndi pa 1 ngati aposa 100.

Zonse zili bwino koma manambala ndi otsikabe

Ili ndi vuto la nthawi, ndipo firewall singalikonze. Makompyuta 40 akayaka 7:30 m'mawa n'kuyamba kukoka pamodzi, aliyense amafunsa anzake, koma anzakewo nawonso angoyamba kumene. Delivery Optimization sidikira. Ikaona kuti kwa anzake kulibe chokwanira imapitiriza ndi HTTP. Zili ngati mudzi wonse kupita kuchitsime nthawi imodzi pamene pakhomo pali thanki, koma palibe anaidzaza dzulo.

Pali zinthu zitatu zoyendera limodzi. Choyamba, tsogozani ochepa. Pangani update ring (gulu lolandira update pa nthawi yakeyake) ya makompyuta awiri kapena atatu pa malo alionse, a pa waya, a disk yaikulu, osagona, ndipo ngati n'kotheka a pa UPS. Amenewa alandire update tsiku lomwelo, ena onse achedwetsedwe ndi masiku awiri kapena atatu. Otsogolawa akhale ofanana ndi anzawo pa mtundu wa Windows, apo ayi adzasunga fayilo yomwe wina aliyense safuna. Chachiwiri, onjezerani masiku osunga. DOMaxCacheAge imakhala pa masekondi 259200, omwe ndi masiku atatu. Ngati ring yachiwiri imayamba patatha masiku asanu, otsogola aja amakhala atataya kale fayilo. Ikani 604800, masiku 7, kwa onse, ndipo kwa otsogola mungafike pa 2592000, masiku 30. Kukula kwa cache, malo osungira mafayilowa, kumalekezera pa 20 peresenti ya disk ngati simunasinthe DOMaxCacheSize, ndipo disk ikadzaza Windows imafafaniza cache yokha. Yang'ananinso ma script oyeretsa disk usiku, chifukwa ena amachotsa Delivery Optimization Files tsiku lililonse.

Chachitatu, uzani makompyuta kuti adikire. DODelayBackgroundDownloadFromHttp imachedwetsa HTTP kwa masekondi amene mwaika, kuti kompyuta iyambe yafunafuna kwa anzake. Pa zokoka za kumbuyo, ola limodzi, 3600, silipweteka munthu. Pa DODelayForegroundDownloadFromHttp samalani: imeneyi imakhudza munthu amene wadina Install mu Company Portal kapena mu Store ndipo akuyang'ana sikirini. Mukaika yaitali adzaona 0 peresenti osasuntha n'kuimba foni ku IT. Masekondi 60 ndi okwanira. Otsogola aja musawaikire kuchedwetsa kumeneku, chifukwa iwo alibe wowadikira.

Chinanso chimene chimadya manambala mwakachetechete ndi kusiyana kwa makompyuta. Kugawana kumachitika pa fayilo yofanana ndendende. Windows 11 23H2 ndi 24H2 amakoka mafayilo osiyana. Makompyuta a Windows 10 amene atsala, omwe chithandizo chawo chinatha pa 14 October 2025, ali ndi awoawo. Microsoft 365 Apps ya Current Channel sigawana ndi ya Monthly Enterprise Channel, ya 32-bit sigawana ndi ya 64-bit. Madiraiva amatengera mtundu wa makina. Nthambi ya makompyuta 12 a mitundu isanu ya Windows ndi Office kwenikweni ndi timagulu tisanu ta makompyuta awiri kapena atatu, ndipo palibe policy yomwe ingakweze manambala ake kufikira mutawafananitsa. Kumbukiraninso kuti si zonse zimadutsa mu Delivery Optimization. Windows Update, Store, Defender, Edge, Microsoft 365 Apps ndi mapulogalamu a Win32 a mu Intune amadutsamo, koma Chrome, Adobe Reader ndi mapulogalamu ena amene amadzikokera okha ma update sadutsamo. Ngati rauta ikuonetsa kuti katundu wambiri akuchokera kumeneko, mukukonza malo olakwika.

Kuteteza laini pamene mukukonza

Kukonza magulu kumatenga masiku, koma Lachitatu lija silidikira. Ikani malire. Malire a peresenti, DOPercentageMaxBackgroundBandwidth, amamveka bwino koma kompyuta iliyonse imadziyezera yokha, ndiye makompyuta 40 otenga 20 peresenti iliyonse amadzazabe laini. Pa laini yopapatiza gwiritsani ntchito DOMaxBackgroundDownloadBandwidth, yomwe imalembedwa mu KB pa sekondi. Laini ya 20 Mbps ndi 2,500 KB pa sekondi. Mukafuna kuti ma update asapitirire theka lake ngakhale onse 40 akoke pamodzi, iliyonse ipatsidwe pafupifupi 30. Nambalayi ndi yaing'ono, ndipo pa iyo yokha fayilo ya 800 MB ingatenge maola oposa 7, koma malirewa sakhudza zochokera kwa anzake a pa LAN. Gulu likakhala lolondola, kuchedwako sikuoneka. Otsogola apatseni malire okulirapo, kapena gwiritsani ntchito DOSetHoursToLimitBackgroundDownloadBandwidth kuti azikoka momasuka usiku. Za kudzaza kwa LAN yeniyeniyo musade nkhawa kwambiri, popeza kuyambira Windows 10 1903 kutumizirana kumeneku kumagwiritsa ntchito LEDBAT, yomwe imapatukira ntchito zina netiweki ikayamba kulemera.

Pamene kugawana kokha sikungakwanire

Malo ena sangathe. Anthu onse ali pa malaputopu, amafika ndi kuchoka nthawi zosiyana, Wi-Fi ili ndi isolation yomwe a chitetezo akana kuichotsa. Apa ikani Microsoft Connected Cache, seva yomwe imasunga fayilo ikangokokedwa koyamba n'kumapatsa ena onse. Ingakhale pa distribution point ya Configuration Manager kapena payokha. Makompyuta amaidziwa kudzera mu DOCacheHost, kapena DHCP option 235 mukaika DOCacheHostSource. Kuti mudziwe ngati ikugwira, yang'anani BytesFromCacheServer. Ikakhala pa 0, yesani port 80 kupita ku sevayo, ndipo onani DODelayCacheServerFallbackBackground, chifukwa popanda imeneyi kompyuta imathawira ku intaneti msanga seva ikangochedwa kuyankha.

Musasokoneze zimenezi ndi BranchCache kapena Peer Cache ya Configuration Manager, njira zina zogawirana mafayilo pakati pa makompyuta. Ndi zinthu zosiyana, za ma port osiyana: Peer Cache imagwiritsa ntchito 8004 ya UDP ndi 8003 ya TCP, BranchCache imapeza anzake pa 3702 ya UDP. Kutsegula 7680 sikukonza Peer Cache, ndipo malipoti a Peer Cache sanena chilichonse za Delivery Optimization.

Kuyesa osadikira mwezi wamawa

Tengani makompyuta awiri a gulu limodzi, onse pa waya ndi pa magetsi. Pa onse awiri lembani Delete-DeliveryOptimizationCache -Force, kenako Enable-DeliveryOptimizationVerboseLogs. Pa yoyamba ikani pulogalamu ya mu Microsoft Store yoposa 50 MB yomwe palibe pa onse awiri, mudikire ithe, muone kuti Status yake ikunena Caching. Patatha mphindi zingapo ikani yomweyo pa yachiwiri. Pa yachiwiriyo NumPeers ikhale 1 kapena kuposa ndipo BytesFromPeers ikwere. Pa yoyamba BytesToLanPeers kapena BytesToGroupPeers ikwere mofanana. Zikakanika, Get-DeliveryOptimizationLogAnalysis -ListConnections ikuonetsani ma IP amene kompyuta inayesa kulumikizana nawo ndi amene analephera, ndipo Get-DeliveryOptimizationLog | Set-Content C:\Temp\dosvc.txt ikupatsani log yonse yoti muwerenge. Zikatheka pa subnet imodzi, bwerezani ndi kompyuta ya VLAN ina, kenako ya pa Wi-Fi, kenako ya nthambi ina, komwe yankho loyenera ndi lakuti isagawane. Mukamaliza lembani Disable-DeliveryOptimizationVerboseLogs pa makompyuta onse amene munayeserapo, chifukwa ma log amenewa amakula msanga.